Lamulo Limene Ndinaliadimita

Chaka chomaliza cha digiri yanga yapamwamba ndinabwerera kwathu, kufupi ndi Mua, kuti ndikamalizire kulemba. Amayi anali atangopuma pa ntchito ya unamwino, ndipo anati chipinda changa chilipobe. Ndinkatandala pakhonde ndi laputopu pamiyendo, thukuta lili kamukamu, mbuzi za aneba zikundiyang'ana ngati ndapenga.

Ntchito yanga inali yopanga malamulo otsimikizira kuti pulogalamu ya kompyuta ichitadi zimene anailembera, osati kungoiyesa kawiri katatu n'kunena kuti yayenda. Koma malamulowo nawonso amafuna umboni wakuti ndi oona. Umboniwo umaulemba mu pulogalamu ina imene imauwerenga mzere ndi mzere. Ife timangoti makina. Makinawo alibe m'bale, alibe chisoni. Ukadumpha sitepe imodzi amafiira n'kuima pomwepo, ndipo ungawachonderere bwanji sasuntha.

Malamulo anga onse anadutsa kupatula limodzi, lonena za zigawo ziwiri za pulogalamu zikamatapa ndi kuika zinthu pamalo amodzi, ngati mitala ya nkhokwe imodzi. Ndinalimbana nalo miyezi. Komatu makinawo ali ndi kakhomo kakumbuyo. Ukalemba liwu lakuti adimiti, ndiye kuti wawauza kuti avomere kaye, umboni ubwera pambuyo. Amasiya kufiira, zonse n'kuoneka bwinobwino.

Apulofesa amene ankandiyang'anira ndi amene anandiuza pafoni. "Limenelo ingoliadimitani. Aliyense akuona kuti n'loona. Mukuganiza kuti oyesa adzatsegula mafayilo onsewo?"

Sindinama, mtima unakhala pansi. Ndinalemba liwulo nthawi yomweyo.

Amayi anali pamphasa chapafupi, akusankha mpunga. Iwo anali atagula kale chitenje ku Golomoti n'kusoketsa chovala cha galajuweshoni yanga, ndipo kumphakati kunalibe mayi amene sanachione. Nditadula foni anatukula mutu.

"Ndani amuadimitayo?"

Ndinaseka n'kuwafotokozera kuti si munthu, ndi lamulo, ndipo kwa ife liwulo limatanthauza kuvomera chinthu usanachitsimikizire. Iwo sanaseke nawo.

"Ife tikamuadimita munthu ndiye kuti sali bwino," anatero. "Sitimugoneka n'kupita kumsika ayi. Kukacha timafika pabedi pake. Nanga iwe lakolo ukaliona liti?"

Ndinapsa mtima. Munthu wosadziwa ngakhale poyatsira laputopu angandiphunzitse ntchito yanga? Ndinabwerera ku lamulolo ndi cholinga chimodzi, choti ndimalize umboniwo ndiwatseke pakamwa. Masiku awiri ndinakankha pamalo omwewo osaphula kanthu. Tsiku lachitatu, mwina chifukwa cha kutopa, ndinatembenuza funso. Ndinasiya kufunsa chifukwa chake lili loona, n'kuyesa kupanga kapulogalamu kakang'ono koti kaliphwanye. Sizinanditengere ngakhale ola. Ndi lamulo langalo ndinatsimikizira kuti nambala imodzi yomweyo ndi ziro komanso ndi wani pa nthawi imodzi, ndipo makina aja, okhwima aja, anavomera osafiira.

Ndinangoti kakasi. Makinawo sanalakwe, anachita zimene ndinawapempha. Theka la ntchito yanga ya zaka zitatu linali litatsamira pa lamulo labodza.

Ndinaimbira apulofesa. Nditawafotokozera anafunsa kuti, "Ndani winanso akudziwa?"

"Amayi anga," ndinayankha.

Anaseka pang'ono. Anati ndipereke momwemo, tidzakonza digiri ikatuluka, ndisadzipangire ndekha mavuto. Ndinayang'ana amayi, amene tsopano ankapeta mpunga uja ngati sakumva, koma ndinkadziwa kuti makutu ali kuno. Ndinakana. Anthu ena amati ndinalimba mtima. Zoona zake n'zakuti sindikanatha kuwaona atavala chovala chija akululutira bodza limene anali atalinunkhiza kale.

Zimene zinatsatira zimandiwawabe. Nthawi imene a kuyunivesite anandipatsa inatha, thandizo la maphunziro linathera pomwepo, ndipo foni ya apulofesa inayamba kumangoitana. Ndinapeza malo ophunzitsa masamu pa sekondale ina cha ku Mtakataka. Ndikaweruka ndinkapalasa njinga kubwerera kunyumba n'kukhalanso pakhonde lomwe lija. Patatha chaka ndinalichiza lamulolo. Linkangofuna chiletso chimodzi, chakuti chigawo china chisakhudze malowo chinzake chisanamalize. Makina anavomera zonse, popanda adimiti ngakhale mmodzi. Ndinatumiza mafayilo onse kwa apulofesa, chifukwa ndinali ndidakali wopusa.

Anandiyankha ndi mizere iwiri, kuti nkhani yolembetsanso ndi yovuta, tionabe. Kenako ndinaona nkhani yawo ya kafukufuku itasindikizidwa m'magazini ya akatswiri, dzina lawo pamwamba pamodzi ndi la wophunzira wawo watsopano. Lamulo lija linalimo, ndi chiletso changa, mawu ake osasintha. Ine ndinali kumapeto kwenikweni, pamzere wothokoza amene anathandizapo maganizo. Maganizo! Ndinatseka laputopu n'kupita kukachonga makope a fomu thuu.

Ndimadana nawo apulofesa amenewo, sindibisa. Ndimadzidanso ndekha chifukwa cha tsiku limene ndinalemba liwu lija mtima uli mbee. Koma pali mkwiyo wina umene ndimachita nawo manyazi, ndipo umabwera ndikawaona amayi akusankha mpunga.

Chovala chija chinakhala musutikesi zaka ziwiri. Lamulungu lina anachitulutsa, n'kuchisita, n'kuvala kupita ku Misa, poti nsalu siisungidwa mpaka njenjete zidye. Pobwera ndinamva mayi wina wa kumphakati akuwafunsa pamsewu ngati si chija cha galajuweshoni. Iwo anangoti eya, n'kupitiriza kuyenda. Titafika kunyumba anakhala pampando osavula, manja ali pamaondo.

"Mwana wanga," anatero, "kodi ndinalakwa kukufunsa tsiku lija?"

"Ayi amayi, simunalakwe."

Anagwedeza mutu n'kulowa kukavula. Yankho langa lakuti ayi limenelo ndinangoliadimita, ndipo mpaka lero sindinafike pabedi pake.