Aliness ndi ndalama zosiya mapazi

Aliness Makina ali ndi kanyumba ka matabwa pafupi ndi msika wa pa Boma la Phalombe, pomwe anthu amatumiza ndi kutapa ndalama za pa foni. Kale ankagulitsa tomato. Mwamuna wake anapita ku Mozambiki osabweranso, ndipo layini ya ejenti imeneyi ndi imene ikuphunzitsa ana ake awiri.

M'nyengo ya nandolo kunayamba kubwera bambo wina wa nsapato zoyera, dzina lake Nickson. Ankanyamula mafoni atatu ndi ziphaso za unzika za alimi a m'munsi mwa phiri la Michesi. Ankadzatapa ndalama za m'manambala awo, n'kumati ndi zawo za nandolo, koma eni ake ndi okalamba, sangayende. Aliness ankamupatsa, komishoni n'kumakwera.

Lolemba lina layini inangotsekedwa. Masana ake anaitanidwa kupolisi, komwe anapeza wapolisi wamkazi wochokera ku Blantyre, a Chikondwero.

"Mayi, kiripito munaimvapo?"

"Ayi. Amadya?"

"Ndi ndalama za pa intaneti. Wina anaberedwa. Koma zimenezi zimasiya mapazi paliponse pomwe zadutsa, ndiye takhala tikuwalondola. Wakubayo anazisintha kukhala makwacha n'kuziponya m'manambala olembetsedwa ndi ziphaso za alimi. Alimiwo anapereka ziphaso poganiza kuti akulembetsa feteleza. Mapaziwo athera pakhomo panu."

"Inetu sindinabe!"

"Lamulo limagwiranso wothandiza kubisa ndalama zakuba. Inu munkapereka ndalama mwini chiphaso osamuona."

Aliness anaganiza za ana ake. Layini ikapita, ana abwerera kumunda. Kenako anadzutsa mutu.

"Bambo wa ziphasoyo amabwera Lachinayi. Nditsegulireni layini tsiku limodzi lokha, ndikugwirirani."

Lachitatu lonse anazungulira anzake a tomato ndi a usipa, kusinthitsa ndalama zake zonse kukhala timapepala ta ma handiredi, tofewa ngati masamba a nkhwani. Lachinayi Nickson atangotsika pa kabaza, Aliness anafulasha a Chikondwero foni ili m'chitenje.

"Mayi a ejenti, lero ndili pachangu."

"Khalani pabenchipo achimwene, zikuluzikulu zatha."

Anakhuthula jumbo yonse patebulo, nanyambita chala. Anayamba kuwerenga timapepalato kamodzikamodzi, pang'onopang'ono. Atafika pakati anagwira pakamwa.

"Aa! Mwandiyang'anitsitsa, ndasokoneza. Tiyambirenso."

"Mayi inu, kodi munaba za chopereka kutchalitchi?"

"Zanuzo n'zoyera kwambiri eti?" anayankha asanaganize, nadziluma lilime.

Nickson anamuyang'ana, naimirira. Aliness anamukankhira mulu wa timapepalato m'manja.

"Gwirani izi kaye, mphepo ingaulutse!"

Munthu wa manja odzaza ndalama sathamanga. Ali chiimire, kumbuyo kwake kunaima kabaza, n'kutsika mayi wa duku ndi chitenje ngati wodzagula mpunga. Anali a Chikondwero, ndipo anamugwira Nickson dzanja. Msika wonse unakhamukira pomwepo, amayi a tomato akuimba nthungululu ngati paukwati.

Layini sinatsegulidwe msanga. Aliness anayenda katatu kukapereka umboni, nalandira chenjezo lolembedwa. Patatha milungu iwiri, akusesa m'kanyumba mopanda makasitomala, foni inalira. Anawerenga uthengawo kawiri, naponya tsache m'mwamba.

"Yatseguka! Bwerani mudzatape, koma aliyense ndi nkhope yake!"