Wezi akana bambo wopanda magalasi

Lolemba m'mawa ndinapita kumsika wa pa boma kukagula tomato ndi kapenta. Mayi amene ndimawagula tomato chiyambire ntchito pano pa Lundazi anandiyang'ana, anakonza chitenje, n'kundipatsa moni wa alendo.

"Monire, adada. Mwabwela ndi minibasi ya ku Chipata?"

Ndinavomera, chifukwa zinali zoona. Ndinali nditatsika dzulo lake madzulo.

"Tomato wa kuno ni wabwino. Yesani, muzabwelanso."

"Ndimamudziwa tomato wanu, mayi," ndinatero. "Ndi wophwanyika uja mwabisa pansiyo, ndikumuona."

Anaimitsa dzanja m'malere. "Kodi ndi a Mabotolo? Nanga maso mwaasiya kuti?"

Mabotolo ndine. Dzinali anandipatsa ndi ana a kusekondale kumene ndimaphunzitsa, chifukwa magalasi anga anali okhuthala ngati pansi pa botolo. Ndinayamba kuwavala ndili mnyamata, ndipo ndikawavula, munthu woima pakhomo ndinkamuona ngati chitsa chovala malaya.

Ndinaseka njira yonse yobwerera kunyumba. Koma nditafika ndinakumbukira Wezi, mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu, amene ndinamusiya ku Magodi kwa mlamu wanga ndisanapite pa ulendo. Ngati munthu wamkulu wondiona sabata iliyonse wandiyesa mlendo, nanga mwana?

Ndiyambe ndafotokoza kumene maso ndinawasiya, popeza ambiri mwandiimitsa panjira.

Pa tchuthi chapitachi ndinali ku Joni. Mkazi wanga, amake Wezi, anamwalira mvula yathayi. Ali moyo anamva kwa mlongo wawo, a Zimba, amene amagwira ntchito kumeneko, kuti kuli makina okonza maso a anthu osaona patali. Anawapempha kuti adzanditenge. Ankati atopa kundifunira magalasi pansi pa bedi m'mawa uliwonse. A Zimba sanaiwale, ndipo anakonza zonse ndi dokotala wa maso. Ine ndinazengereza ndithu, koma pempho la munthu amene anapita ndi lovuta kulikana. Ukakambirana ndi yani?

Kwa dokotalako anandigoneka chagada, anandithira mankhwala ochititsa dzanzi m'diso, n'kutsegula chikope ndi kawaya kuti ndisaphethire. Anati ndiziyang'ana kanyali kofiira. Makinawo amatulutsa kuwala kumene madokotala amakutcha leza, ndipo kuwalako kumapala pang'ono kwambiri pamwamba pa diso kuti lizitha kuona patali. Ndinamva makina akulira, tcha-tcha-tcha, ndi fungo ngati la nthenga za nkhuku pamoto. Kuti fungolo linali la diso langa ndinadziwa pambuyo pake, ndipo zinakhala bwino kuti ndinachedwa kudziwa.

Masiku otsatira m'maso munali ngati mwalowa mchenga. Misozi inkangotuluka yokha. A Zimba ankati ndalira kwambiri m'nyumba mwawo kuposa pamaliro, ndipo sindinawatsutse.

Kenako m'mawa wina dzanja linapita lokha pansi pa bedi kukafuna magalasi, koma maso anali ataona kale mng'alu wa pakhoma, ndi nyerere zikuyenda m'mng'alumo mondondozana. Ndinagona pomwepo n'kumaziyang'ana nyererezo ngati mwana woona ndege. Munthu wa ku koleji, mphunzitsi wa ana a eni, kusangalala ndi nyerere.

Sindikuti nonse mukwere basi. Dokotala anati si maso onse amene makinawa angawakonze, ndipo mpaka lero nyali ndimaziona zili ndi kamphete kowala m'mbali. Koma ndikuona.

Lachiwiri ndinapalasa njinga kupita ku Magodi, mvula ikuwaza. Inu amene simunavalepo magalasi simungadziwe chimene mvula imatichita. Dziko lonse limasanduka madontho. Tsiku loika amake Wezi kunagwanso mvula. Anthu amati ndinalimba mtima pamanda, koma ine sindinaone kanthu. Lachiwirili ndinaona chimanga phesi lililonse palokha, ndi ng'ombe za kutsidya kwa dambo, mpaka ndinazindikira kuti imodzi ikutsimphina.

Ndinapeza aNyaZimba, mkulu wawo wa amake Wezi, akupalira chimanga kuseri kwa nyumba. Anatsamira khasu n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, nkhope yonseyi inali yanu? Mchemwali wanga ankadziwa chimene ankabisa."

Wezi ankasewera pansi pa nkhokwe. Nditamuitana anadzuka ndi liwiro, chifukwa mawuwo anawadziwa. Atafika pakati pa bwalo anaima. Anandiyang'ana, anayang'ananso kumbuyo kwanga ngati kuli wina, kenako anakabisala kuseri kwa chitenje cha aNyaZimba.

"Adada ali kuti?"

"Si awa?" anatero aNyaZimba.

"Awa si adada. Adada ali ndi magalasi."

Ndinatulutsa tinsapato tofiira tomwe ndinamugulira ku Joni. Sanatilandire. Ndinaimba kanyimbo kamene timaimba posamba, koma anangogwira chitenje mwamphamvu. ANyaZimba anaseka poyamba, kenako analeka. Tonse awiri tinadziwa chimene sitinanene: mwanayu anaona kale nkhope imodzi ikuchoka pakhomo osabweranso, ndipo tsopano inabwera ina yachilendo ndi mawu a bambo ake.

Sindinamudandaule. Kodi ife akulu timasiyana naye pati?

Timamudziwa munthu ndi chimene wanyamula. Uyu ndi wa njinga yobiriwira, uyo ndi wa taye, winayo ndi wa yunifomu ya kuchipatala. Avule zimenezo, mumupitirira pamsika osamupatsa moni. Ndipo akasintha, sitimufunsa iye, timafunsana tokha. Sabata ino yokha ndamva kuti magalasi ndinagulitsa, ndamva kuti ndinapita kwa sing'anga wa ku malire, ndipo amayi ena a kutchalitchi agwirizana kuti ndikudzikonza chifukwa ndikufuna kukwatiranso. Mphunzitsi mnzanga wandichenjeza kuti makolo sadzandikhulupiriranso, poti sindikuonekanso wophunzira. Nzeru zanga zonse zinali pamphuno kodi?

Mwina ananena zoona. Ndikudziwa munthu wina wa muofesi pa boma pano amene amavala magalasi opanda mphamvu, ogula ku Chipata, kuti anthu a kumudzi azimuopa. Pomwe m'masukulu a ku Magodi ndi ku Mphamba muli ana amene saona bolodi, ndipo timawatcha mbuli. Inenso ndinali mbuli mpaka tsiku limene anandiyeza maso. Amene wapeza magalasi timamupatsa dzina, ndipo ena amawasunga m'thumba poopa dzinalo. Wofuna ulemu amawavala asakuwasowa, wowasowa amawabisa poopa kusekedwa. Pa onsewa, ndani anayang'anapo diso lenilenilo?

Wamasiye nayenso tili ndi nkhope imene tinamukonzera. Asaseke kwambiri, asaoneke bwino, ayende choweramira. Ine ndasangalala sabata ino, ndipo sindipepesa. Chimwemwechi anachikonza ndi amake Wezi.

Koma pabwalo la ku Magodi paja chimwemwe changa chinalibe ntchito ngati mwana sandidziwa. Magalasi akale anali m'thumba la jekete, moti ndinawatulutsa n'kuwavala.

Wezi anasuzumira, anasiya chitenje, n'kuyamba kubwera. Ine sindinamuone bwino akubwera. Magalasi amene ankandionetsa dziko tsopano ankalisokoneza, chifukwa maso okonzedwa sagwirizananso ndi mabotolo aja. Ndinati ndimuchingamire, ndinapunthwa pamtondo, nkhuku n'kubalalika.

"Alamu," anatero aNyaZimba, "mwapita ku Joni kukatenga maso, mwabwera kuno kudzawataya pamtondo panga? Bweretsani."

Anawatenga, anamasula tizitsulo ta m'mbali ndi nsonga ya mpeni, n'kukankha magalasi onse awiri ndi chala. Anandibwezera zogwirira zokha, zili mbee.

"Valani. Ndipo mukhale pansi, mwana sathamangitsidwa ngati mbuzi."

Ndinakhala pakhonde nditavala zogwirira zopanda kanthu, munthu wamkulu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha. ANyaZimba anabwerera ku khasu lawo, koma khasulo silinkamveka kwenikweni.

Wezi anazungulira nkhokwe, anatola tinsapato tija, anatisiya. Kenako anabwera n'kukwera pamiyendo panga ngati palibe chimene chachitika. Anagwira nsonga ya diresi lake n'kuikweza kumaso kwanga. Amake ankandipukutira magalasi choncho m'mawa uliwonse, ndi nsonga ya chitenje. Sindinadziwe kuti mwanayu ankaona.

Kachala kanadutsa pomwe panali galasi n'kundigunda pachikope. Ndinatsinzina msanga, pokumbukira chenjezo la dokotala loti m'maso musakhudzidwe. Nditatsegula ndinamupeza akuyang'ana chala chake modabwa. Anayesa mbali inayo, kachala kanadutsanso. Anaseka mpaka kugwera pachifuwa panga.

Ndiye anandivula zogwirira zija n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anandiveka. Anandivulanso. Anagwira mphuno yanga pamene magalasi anasiya timabala tiwiri, n'kutembenukira kumunda.

"Amama," anatero Wezi poitana aNyaZimba, "adada anali kuseri kwa magalasi."

"Ndinakuuza ine," anayankha iwo, osatembenuka. Anatenga nthawi asanatembenuke.

Tinabwerera ku boma madzulo omwewo, iye atakhala pamtanda wa njinga, tinsapato tofiira kumapazi, zogwirira pamphuno pake zikutsetsereka. Lachitatu m'mawa ndinadzuka n'kuona nkhope yake poyamba, ali mtulo, osayamba ndafufuza kanthu pansi pa bedi. Amake sindinawaonepo choncho. M'mawa ndinkawadziwa ndi mawu mpaka atandipatsa magalasi.

Tsono inu amene mukuwerenga, munthu amene mumadya naye, amene mumakhala naye nyumba imodzi, munamuyang'ana liti kumaso? Osati chovala chake, kapena ntchito yake, kapena dzina limene munamupatsa. Kapena mukudikira kuti adzavule kaye kanthu, mudzamufunse ngati wabwera ndi minibasi ya ku Chipata?

Loweruka tinapita kumsika tonse awiri, ine nditamunyamula paphewa. Zogwirira zija wakana kuzivula, ngakhale posamba. Mayi a tomato anationa tili patali ndipo anayamba kuseka tisanafike.

"Uyu ndiye namudziwa. Ni Mabotolo wamng'ono." Anasankha tomato wabwino wa pamwamba n'kumupatsa m'manja. "Nanga akunyamulawa ni ndani, mwana wanga? Alendo?"

Wezi anawerama, anandiyang'ana kumaso chozondoka, n'kundigwira makutu onse awiri.

"Ndi adada," anatero.