Motoka Yoima pa Mvunguti

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene khasu linandithyokera m'munda mwathu ku Nkomeshya. Ndinaima ndi mpini m'manja, ndikuyang'ana mizere imene ndinalima chaka chatha, yomweyonso imene ndidzalime chaka chamawa, ndipo mtima unandiuza kuti ndikapanda kuchoka tsopano sindidzachokanso. Atate sanakane. Iwonso anachoka ku Katete ali mnyamata kudzapempha malo kuno. Anangoti, "Ukafika uko, Laki, uphunzire nchito ya manja. Usakankale mlonda wa pageti ya munthu." Amayi anandiikira nshawa zokazinga m'chikwama.

Chaka choyamba ku Joni sindikonda kuchikumbukira. Tinkagona anthu asanu m'kachipinda kuseri kwa sitolo, aliyense ndi chinenero chake. Ndinanyamula matumba, ndinatsuka mamotoka, ndipo potumiza mawu kunyumba ndinkanama kuti zonse zili bwino. Lamlungu ndilo linali lowawa. Ndinkakhala pa ndowa yovundikira, kumvetsera mobwerezabwereza mawu amene mlongo wanga wamkulu, Esinati, ananditumizira pa foni. Sindinkatsata kwenikweni nkhani yake. Ndinkafuna kumva tambala ndi ziwiya kumbuyo kwa mawu akewo.

Amene anandipulumutsa ndi a Zakariya, mdala wa ku Tete amene anali ndi garaja yokonza magiyabokosi a mamotoka osintha okha magiya. Anamva ndikutukwana m'Chinyanja nditadzipweteka chala, anaseka, nandiitana. Kwa iwo ndinaphunzira chimene amakanika amatcha valavu bodi. Ndi chitsulo chophwatalala chokhala kunsi kwa giyabokosi, chodzaza tinjira tokhotakhota ngati m'kati mwa chulu cha chiswe. Oyilo amathamanga m'tinjirato, kukankha timavalavu ndi timasipuling'i, ndipo ndiwo amauza motoka giya yoti ilowe. M'malo ena muli timipira tating'ono ngati nsawawa totseka ndi kutsegula mabowo. "Ukatsegula ichi usapume mwamphamvu," ankatero a Zakariya. "Kampira kamodzi kakasochera, motoka yonse yapenga."

Ndalama zitayamba kuoneka ndinkatumiza kunyumba mwezi ndi mwezi. Chaka chachinayi atate anaphatikiza zanga ndi zimene anapeza pogulitsa soya nagula motoka yakale yoyera, yosintha yokha magiya, yonyamulira tomato kupita ku Chongwe. Anandijambulitsira chithunzi ataima pambali pake, dzanja lili padenga ngati akugwira ng'ombe. Esinati anaphunzira kuyendetsa. Ine ndinkanyada, ndipo ndinkatumizira atate mawu ataliatali ofotokoza ntchito yanga, boluti ndi boluti, kuti adziwe kuti sindine mlonda wa pageti.

Kenaka m'mawa wina Esinati anaimba. Atate amwalira ku kiliniki, anatero, mtima unangoima. Mapepala anga ondilola kukhala ku Joni anali atatha kale. Ndikanawoloka malire sindikanabwereranso kuntchito. Ndinasankha ntchito. Maliro a atate ndinaonera pa foni, nditakhala pa tayala kuseri kwa garaja, chithunzi chikuduka-duka, nyimbo ikufika zidutswa. Itatha, ndinasamba kumaso n'kubwerera pansi pa motoka ya munthu wina.

Ndinakhalanso zaka ziwiri. M'zaka zimenezo nkhani ya motoka inkabwera pang'onopang'ono, ngati Esinati akuopa kuitchula. Inkalira bwino, inkanyamuka bwino, koma ikafika pa mtengo wa mvunguti, pamene msewu umatsetsereka kulowa pakamtsinje, inkaima. Tsiku lililonse pamalo omwewo. Makanika wina wa ku Chongwe anaiyendetsa, itaima pamtengopo anatuluka, nabwerera kwawo pansi, osapempha kalikonse. Abusa anadzaipempherera. Anthu analeka kupempha kukwera. Ine ndinkayankha kuti ndi nkhani za kumudzi, koma tsiku lina amayi, amene sankakonda foni, anatumiza okha mawu afupi: "Bwera uzaione motoka ya atate ako." Ndinawamvetsera katatu. Sabata yotsatira ndinatsanzika kwa a Zakariya, ndikudziwa kuti sindidzaloledwa kubwerera.

Ndinafika mu Okutobala, dzuwa likuphwanya mutu. Motoka inali pansi pa chisakasa cha udzu, yoyera mbee, yopanda fumbi ngakhale pang'ono. Amayi ankaitsuka Loweruka lililonse ngakhale sinkapita kulikonse. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nkhuku, zimene zimakwera chilichonse pakhomo pathu, zinkailambalala.

Mawa lake masana ndinati tiyese. Esinati anakana kuyendetsa, anakhala kumbuyo. Magiya ankalowa bwino, yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mpaka ndinayamba kumuseka. Tinadutsa minda youma, tinadutsa sukulu, msewu n'kuyamba kutsetsereka. Ndinauona mvunguti, zipatso zake zazitali zikulendewera osagwedezeka. Titalowa mumthunzi wake injini inalira mokweza, koma mphamvu inachoka m'matayala ngati munthu wataya chingwe. Motoka inakunkhulika pang'ono, n'kuima pansi penipeni pa mtengo.

Ndinazimitsa injini. Nyenje zimene zinkalira njira yonse zinali zitakhala chete. Panalibe mphepo, panalibe munthu, panalibe ngakhale mbuzi.

"Ni pano," anatero Esinati kumbuyo kwanga. "Ba tate sanafike ku kiliniki, Laki. Ninakunamiza. Ninali kubathamangitsa, motoka yaima pano. Naponda, naponda, siyenda. Pofika ngolo ya ng'ombe, ninshi baleka kupuma. Banali pa mpando uyo."

Ndinayang'ana mpando wa pambali panga. Unali wolowa pang'ono pakati, monga imakhalira mipando yakale yonse.

"Chifukwa chiyani simunaniuze, ba sisi?"

"Ukanachita chani, uli kutali?"

Tinakhala pamenepo pafupifupi ola, kenaka ndinaliza injini, ndipo motoka inanyamuka ngati palibe chimene chachitika. Mutu wanga wa umakanika unali utapeza kale yankho. Kuchokera pakhomo kufika pamtengopo ndi mtunda wokwanira kuti oyilo atenthe ndi kusungunuka. Oyilo akapyapyala amathawira pamene sayenera kudutsa, mphamvu n'kutha. Akazizira, zonse zimabwerera. Ndinamuuza Esinati zimenezi mokweza, kawiri, koma ubweya wa m'mikono mwanga unali chiimire mpaka kunyumba.

M'mawa mwake ndinakweza motoka pa jeki, ndinaikira zitsa, n'kukhuthulira oyilo m'beseni. Anali akuda, onunkha kupserera. Ndinamasula sampu, chivundikiro cha kunsi kwa giyabokosi, ndi fyuluta yosefa oyilo, ndinachotsa mawaya, ndipo boluti iliyonse ndinkaibaya pa katoni pamalo ofanana ndi pamene yachokera, chifukwa maboluti satalika mofanana. Amayi anandiyalira chitenje choyera pa thebulo pansi pa mtengo wa mango. Nditaika valavu bodi pamenepo ndi kuipukuta, ndinaona kuti wina anali atafikamo kale. Pambali pa bowo lililonse la boluti panali nambala yolembedwa ndi msomali. Seveni wake anali ndi kamzere pakati. Atate okha ndiwo ankalemba seveni wotero pa matumba a chimanga.

Ndinanyamula kachitsulo kopyapyala kolekanitsa mbali ziwiri za valavu bodiyo pang'onopang'ono, ndikugwira mpweya. Timipira tinali tisanu ndi tiwiri. Tisanu ndi kamodzi tinali tofiirira, tofanana, tili m'malo mwake. Kotsalako kanali kachitsulo konyezimira, kocheperapo, katalowa theka m'bowo limene kanayenera kutseka, katadya m'mbali mwake. Kanali kampira ka m'gudumu la njinga.

Pomwepo ndinakumbukira. Linali Lachiwiri lina ku Joni, masabata atatu atate asanamwalire. Ndinali pansi pa motoka, mwini wake ataima pamutu panga akuyang'ana wotchi. Foni inalira. Atate anali okondwa ngati mwana. Magiya ankachedwa kulowa, anati, ndiye atsegula okha monga ndinkafotokozera, atsuka bwinobwino, koma kampira kamodzi kagwera mumchenga. "Nili na ka pa njinga, kalinganako. Ningaike?" Ine ndinati, "Ikani chabe, ni chimodzimodzi. Nizatuma foni pambuyo." Sindinaimbenso. Ndinaiwala ngakhale kuti anaimba. Ine amene ndinali nditamva a Zakariya akunena za kampira kamodzi mwina kokwana zana.

Sindinamve amayi akufika. Ndinangoona chithunzithunzi chawo chitagwera pa chitenje.

"Wakapeza," anatero.

Ndinatembenuka. "Munali kudziwa, amama?"

"Ndine ninagwira foni tsiku lija. Manja a atate ako anali na oyilo. Ninamva zonse."

"Nanga banthu pokamba kuti ni mzimu, abusa pobwera, simunakambe?"

"Ninaona kuti ni bwino akambe za mzimu kusiyana n'kukamba za mwana wanga. Wakufa saopa miseche." Anatola kampirako pakati pa zala, nakayang'ana kanthawi, nakamangirira pa ngodya ya chitenje chawo. "Esinati sadziwa. Amaganiza ni iye anaponda molakwa. Iwe ndiwe uzamuuza, osati ine."

Ndinamuuza masana omwewo, akupeta nyemba kuseri kwa nyumba. Sanalire, sanandikalipire. Anaika lichero pansi, kenaka anati, "Zaka ziwiri nalota phazi langa likuponda." Anatolanso lichero. Masiku atatu otsatira sanandilankhule, ndipo sindinamukakamize.

Ndinakwera minibasi kupita ku Lusaka, kwa ogulitsa zitsulo za mamotoka ophwasula. Ndinabwera ndi kampira koyenera, kachitsulo kolekanitsa kena, gasiketi yoletsa oyilo kudontha, fyuluta ndi oyilo ofiira atsopano. Masiku awiri ndinakhala pa thebulo lija. Ndinatulutsa valavu iliyonse payokha, kuitsuka, kuiyesa ngati ikutsetsereka yokha m'dzenje lake popanda kukankha. Timipira ndinatimata m'malo mwake ndi mafuta odzola kuti tisagwe potembenuza. Pomanga maboluti sindinayang'ane katoni yanga. Ndinatsata manambala a atate, ndipo onse anali olondola. Munthu amene sanalowepo m'garaja anachita zonse bwino, kupatula chimodzi chimene anafunsa kwa ine.

Loweruka masana ndinati tipite ku Chongwe. Amayi anavala duku la kutchalitchi. Ndinawatsegulira chitseko cha kutsogolo, koma anachidutsa n'kukakhala kumbuyo ndi Esinati. Tinanyamuka. Ndinkamva giya iliyonse ikulowa mofewa, ndipo pofika pa sukulu oyilo anali atatentha kale. Msewu unatsetsereka. Mvunguti unayandikira. Ndinaponda pang'ono, motoka inayankha, tinalowa mumthunzi tili ndi mphamvu zonse.

Pomwepo kanyale kofiira kanayaka patsogolo panga, ndipo kabelu kanayamba kulira. Ndi kamene kamalira munthu akakhala pa mpando wa kutsogolo osamanga lamba. Ndinayang'ana. Panalibe chikwama, panalibe kanthu, koma kabelu kankalirabe, pang'onopang'ono, mosatopa. Ndimadziwa kuti pansi pa mpando pamakhala kawaya kamene kamamva kulemera, ndipo kamatha kuwonongeka ndi mabampu. Ndakonzapo tambiri. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimenezo.

Amayi anawerama kuchokera kumbuyo, anakoka lamba, naupititsa pa mpando wopanda munthuwo, naumanga. Kabelu kanaleka.

"Yendetsa," anatero. "Icho usakonze."

Tinawoloka kamtsinje, tinakwera chitunda. M'galasi ndinaona Esinati akuyang'ana kumutu kwa mpando uja, nkhope yake ili phee, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Amayi anayamba kufotokoza za mtengo wa feteleza chaka chino, ndi za denga la khola lofunika udzu, ndipo ndinazindikira kuti sakuuza ine.

Ndili pano mpaka lero. Ndinatsegula kagaraja pafupi ndi msika, ndipo anthu ayambanso kupempha kukwera motoka yathu, koma palibe amene amafunsa za mpando wa kutsogolo. Amangodzipanikiza kumbuyo, ana pamiyendo, monga anthu odziwa kuti malowo ali ndi mwini. Ku Joni ndinkaganiza kuti ndine ndekha amene sindinatsanzikane ndi atate, kuti kwathu analira, anakwirira, n'kupitiriza moyo. Ndinapeza kuti pakhomo pano palibe amene anawachotsa pamalo pawo. Ine ndekha, amene sindinaone bokosi, ndine amene ndinali nditawaika m'manda.