Deliwe ndi Mathileyi a Usipa

Deliwe Maseko anafika ku Chipoka m'chaka cha riferendamu atanyamula sutikesi imodzi ndi satifiketi ya utaipisiti. Kwawo ku Ntcheu nsomba ankaiona itauma kale pamsika, koma ntchito anaipeza ku kabungwe kena kowerenga nsomba zimene asodzi amabwera nazo kumtunda. Zaka khumi zoyamba anazithera pa taipi, akugogoda makalata a bwana. Anali munthu waukhondo wonyanya. Mpando ankayamba waupukuta asanakhalepo, ndipo ntchentche ikangotera pakapu, tiyi yense ankamukhuthulira panja. Ndiye taganizani munthu wotere kukhala kumalo kumene ngakhale mapepala a mu ofesi amanunkha usipa.

Mwayi wake unabwera mu 2003 ndi mzungu wina wogwira ntchito mongodzipereka, dzina lake Sean. Iyeyu anabweretsa laputopu, naika kabokosi ka intaneti yopanda waya pazenera la ofesi ya bwana. Laputopuyo anaigawa pawiri ngati banja la mitala: ukaiyatsa inkayamba yafunsa ngati ukulowa ku Windows kapena ku Linux. Ku Windows kunali kwa bwana, a Binwell Mwale, ndipo pasiwedi yake ankaidziwa okha. Ku Linux Sean anaikako pulogalamu yosungira nambala za nsomba, naphunzitsa Deliwe kuiyendetsa. Mmene mzunguyo ankabwerera kwawo, n'kuti Deliwe salinso taipisiti wamba. Ankapita yekha kugombe ndi sikelo, asodzi n'kumamuitana kuti amayi a kompyuta, ndipo ngakhale ankadzichepetsa pamaso, mumtima dzinalo ankalikonda kwambiri.

Laputopu inali imodzi, choncho ankasinthana. M'mawa inkakhala kwa bwana. Ikakwana nkhomaliro a Mwale ankaitula patebulo la Deliwe, m'kachipinda kake kotsidya la bwalo, iwo n'kupita kumisonkhano. Misonkhanoyo aliyense ankadziwa kuti inkachitikira pa bawo.

Vuto linali lakuti m'mawa intaneti inkauluka, koma masana inkakwawa ngati nkhono. Lipoti loyenera kufika ku likulu ku Lilongwe Lachisanu linkafika Lolemba, mwinanso kudukira panjira.

"Ine kwanga zikuyenda bwinobwino," anatero a Mwale tsiku lina, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi. "Ndi Linux yanuyo, mayi Maseko. Zinthu zaulere zilibe mphamvu."

Analembera ku Lilongwe kawiri konse kunena zomwezo, ndipo yankho linabwera losapsatira. Kumapeto kwa mwezi kubwera katswiri, a Masautso, kudzafufuta Linux. Nambala za nsomba zizitumizidwa pamapepala kuti akazilembe okha ku likulu, ndipo udindo wa Deliwe uthera pomwepo. Taipi ija inali itatayidwa kale, kotero kunalibenso kobwerera.

Deliwe sanakhale chete. Anatulutsa kope limene Sean anasiya, natsatira zonse zolembedwamo. Anazimitsa ndi kuyatsanso, anachotsa kapulogalamu koyendetsa intaneti n'kukabwezeretsa, anakokera tebulo pakhomo, anafika mpaka popukuta laputopu ndi sipiriti ngati ili ndi chilonda. Palibe chinasintha. Anapempha bwana kuti ayese Windows masana kapena amubwereke makinawo m'mawa tsiku limodzi lokha. A Mwale anamuyang'ana ngati wawapempha mswachi wawo.

Kutatsala sabata imodzi, kunagwa maliro ku Khombedza ndipo bwana anachoka m'mamawa, laputopu ataiiwala patebulo la Deliwe. Deliwe anaiyatsa nthawi ya eyiti, nalowa ku Linux yake yomwe ija. Lipoti limene linakanika masiku atatu linapita asanamalize n'kumwa tiyi komwe. Anakhala pomwepo osasuntha, akutumiza ndi kutumizanso, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Teni koloko zinali bwino, thwelofu zinali bwino. Itangodutsa wani, zonse zinaima.

Anatuluka panja kukayang'ana. Tsidya la bwalo panali a Gladys, akazi a bwana, amene ankachita geni yowiritsa ndi kuyanika usipa. Mathileyi awo anali a waya, aatali ngati chitseko, ndipo kunena zoona sanali awo. Bungwe linawagula kuti liziphunzitsira asodzi kuyanika nsomba mwaukhondo, koma galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndani akanafunsa? Usipa wa m'mawa ukauma, mayiwo ankauwolera m'madengu, mathileyi n'kuwatsamiritsa kukhoma la ofesi ya amuna awo, kumene dzuwa la masana limawomba. Asanu ndi atatu, lina pamwamba pa linzake, atatseka zenera lonse pamodzi ndi kabokosi ka intaneti.

Deliwe ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku atatseka mphuno ndi kuyang'ana kumbali, n'chifukwa chake anali asanaganizepo kanthu. Tsikuli anayandikira. Mawaya anali atamatirira mamba ndi timitu ta usipa, madzi achikasu akuchuchira pakhoma, ntchentche zobiriwira zili ng'waa. Anadikira a Gladys atalowa m'nyumba, navala mapepala a shuga m'manja, nasuntha mathileyi onse. Atathamangira kuchipinda kwake anapeza intaneti ikuuluka. Anawabwezera, inafa. Anachita zimenezi katatu, kenako anakasamba m'manja mpaka sopo kuchepa.

Tsiku lotsatira anadikira nthawi ya nkhomaliro, nagwira bwana asanathawire ku bawo.

"Bwana, ndapota nanu, mphindi zisanu zokha. Ndachipeza chikuvutachi."

Anawaonetsa zonse: mathileyi ali pazenera, mathileyi atachoka. A Mwale anaona ndi maso awo lipoti likupita ngati mphezi pa Linux yomwe ankainyoza. Anakanda chibwano. Deliwe anayamba kumwetulira, wosadziwa kuti akumwetulira pamaliro ake omwe.

"Mwauzako ndani zimenezi?"

"Palibe, bwana. Ndimati mukangowapempha amayi kuti aziika kuseri..."

"Kuseri kulibe dzuwa. Ndiponso kumeneko agalu amanyambita." Anatsitsa mawu. "Tamverani, mayi Maseko. Ine ndalemba makalata awiri ku Lilongwe. Mukufuna ndilembe yachitatu yonena kuti ndinanama? Kuti katundu wa bungwe akuyanikira usipa wa akazi anga? Ine, munthu wa imvi, ndikonzedwe ndi taipisiti?"

"Koma bwana, ntchito yanga..."

"Bwezerani mathileyi pamene munawapeza, amayi asanaone. Ndipo musawakhotetse."

Deliwe anawabwezera, ulendo uno ndi manja osavala kanthu, chifukwa bwana anali ataima pomwepo akuyang'ana. Fungo la nsomba anali atalipirira zaka khumi ndi chimodzi, koma chimene chinamunyansa tsiku limenelo chinali bambo wa taye uja, amene ankasankha kuti mnzake achotsedwe ntchito kusiyana n'kusuntha mawaya mayadi asanu.

A Masautso anafika Lachisanu m'mawa pa galimoto ya bungwe, ali pa changu chofuna kukagula chambo asanabwerere. Deliwe anayesa kuwakokera pambali.

"Achimwene, mukadikireko mpaka wani koloko muone nokha."

"Mayi, ine ndatumidwa kudzafufuta, sindinatumidwe kudzaweruza milandu," anayankha, maso ali pa wotchi.

A Mwale anawapatsa mpando wawo, nawaitanitsira fanta. Pasanathe ola Linux inali itapita, pamodzi ndi pulogalamu ya Sean. Katswiriyo anayesa intaneti pa Windows, naona ikuthamanga, nagwedeza mutu kuti vuto latha. Leveni koloko galimoto inali itanyamuka.

Masana amenewo bwana sanapite ku bawo. Anafuna kutumiza okha uthenga wothokoza ku likulu, ndipo poti mu ofesi mwawo masana munkanunkha usipa wa pazenera, anakhala patebulo la Deliwe, iye akulongedza makapu ndi mabuku ake m'katoni. Tsidya la bwalo a Gladys anali akutsamiritsa thileyi lachisanu ndi chitatu. A Mwale anadina, nadikira. Anadinanso. Thukuta linayamba kuwatsika m'khosi. Anadzutsa mutu, napeza Deliwe waima ndi katoni yake m'manja, akuwayang'ana.

"Ndi mwera uwu," anatero a Mwale, akuloza kunyanja. "Mphepo ikachuluka zimatere."

Kunjako ngakhale tsamba limodzi silinkagwedezeka. Deliwe anawatsanzika mwaulemu monga analeredwera, n'kupita kukadikira minibasi ya ku Salima.