Tsiku Limene Lole ya Alamu Inaima ndi Bokosi Lawo

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anali dalaivala wa lole ngati ine, ndipo tinkakangana pa chinthu chimodzi chokha: kabotolo. Anagula pamsika wa Mitundu mankhwala akuda, onanda ngati uchi, oti ukathira zitsulo zimaleka kukhulana. Ankathira m'giyabokosi, m'difu, ena n'kusakaniza ndi girisi wa m'mabering'i a magudumu. Madalaivala tikakhala pamthunzi kudikira katundu, nkhani inali yomweyo. Ena ankati lole imapepuka, sidya mafuta ambiri. Ena ankati n'zobera anthu. Ine ndinkanena mosapsatira kuti bering'i ikayamba kulira ndiye kuti yatha, ichotsedwe, osati kuipaka mankhwala kuti ikhale chete.

"Alamu, inu ndinu achikale," ankatero akuseka. "Tamverani, ikulira pati?"

Bering'i ya lole yawo inalidi itasiya kulira, ndipo zimenezo n'zimene zinkandisowetsa mtendere.

Alamu aja anamwalira m'chilimwe atangodwala pang'ono. Kwawo n'kuseri kwa Nathenje, ndipo abale awo anati thupi lipite pa lole yawo yomweyo, chiwongolero ndigwire ine. Ndikanakana bwanji? Tinakweza bokosi, amayi akumpingo anakhala molizungulira, madalaivala anzathu anadzipanikiza kumbuyo, lole zawo atazisiya. Mlongo wanga anakhala kumutu kwa bokosi. Moyang'anizana naye munali azakhali a malemu, amene sanamukondepo chikwatiwire. Ankati ndiye anatsekereza mwana wawo ku Mitundu kuti asamabwere kumudzi.

Tinadzera msewu wafumbi wodutsa m'midzi. Tisanafike ndi pakati pomwe, chiwongolero chinayamba kukokera kumanzere, kenako fungo la girisi wopserera linalowa pawindo. Ndinaima, ndinatsika, n'kuika kuseri kwa dzanja pakati pa gudumu lakutsogolo, monga timachitira tonse tikaima. Mayo! Ndinachita kudumpha.

Nyimbo ya amayi aja inathera pakamwa. Kwathu kuno galimoto ya maliro ikaima panjira popanda chifukwa chooneka, palibe amene amaganiza za zitsulo. Amati malemu akukana kupita, pali chimene chikuwawawa mumtima.

"Wakana," anatero azakhali aja, osakweza mawu, koma aliyense anamva. "Mwana wathu wakana. Alipo amene akudziwa chimene anamuchita."

Maso onse anatembenukira kwa mlongo wanga. Iye anangokokera chitenje kumaso. Ndinadziwa kuti lole ija ikakhalitsa pamenepo, kapena ikanyamuka popanda anthu kuona chimene chaiimitsa, dzina lake lapita. Kumudzi kuja ankamudziwa ngati mkamwana wouma mtima, tsopano akamudziwa ngati wopha mwamuna wake.

Madalaivala anatsika n'kuzungulira gudumu, ndiye mkangano wa pamthunzi uja unayambira pomwepo, abale inu, bokosi lili pamwamba. Wina anapeza kabotolo kuseri kwa mpando.

"Tithire aka. Mwini wake ankakakhulupirira, tikafika."

"Muthira pati, zonse zapsa?" anatero wina. "Bweretsani madzi tizizire."

"Madzi pa chitsulo chofiira? Mukufuna ching'aluke?"

"Ndiye tipanikizemo girisi watsopano, tiziyenda pang'onopang'ono."

Ndinkangozungulira lole, kuyang'ana dzuwa, kuyang'ana foni. Adzukulu okumba manda anali ataimba kale kuti manda atha, tili pati? Ndinapsa mtima. Ndinati aliyense wobweretsa kabotolo kaja pafupi ndi gudumu ndimuswa nako. Thukuta lili kamukamu, ndinalowetsa jeke.

Mnzathu wina anaimitsa njinga yamoto n'kuthamangira ku Nathenje kukafuna bering'i ina. Ife tinavula gudumu. Nati yomangira bering'i inali itagwirana ndi kutentha, tinachita kuimenya ndi hamala, ndipo kugogoda kulikonse kunkamveka m'bokosi muja. Ndinkachita manyazi ngati ndikugogoda pachitseko cha munthu wogona. Anthu a m'mudzi wapafupi anayamba kusonkhana, amayi ena anabwera ndi ndowa ya madzi akumwa, ndipo ndinamva azakhali aja akuwafotokozera nkhani yonse kuyambira pa chinkhoswe.

Bering'i inatuluka zidutswazidutswa, yabuluu ndi moto, yomatirira phala lakuda la mankhwala aja. Inatha kalekale. Mankhwala anangoitseka pakamwa.

Ndinaikulunga m'sanza n'kupita nayo kwa amalume a malemu, mwini maliro, amene anali atakhala pamthunzi wa lole chipewa chili pabondo. Ndinanjuta.

"Amalume, pepani. Onani chimene chatiimitsa. Si munthu ayi, n'chitsulo ichi chatha. Alamu ndinawauza ali moyo."

Zinandiwawa kunena munthu ali m'bokosi, koma ndinakweza mawu dala kuti apamwamba amve. Amalume analandira sanza ija, anatembenuza zidutswa ndi chala, anazinunkhiza. Sanali munthu wankhanza. Anandibwezera ndi manja awiri.

"Ndaona, bambo. Chitsulo chimatha, inde. Koma lole iyi yayenda ndi fodya, yayenda ndi chimanga, osaima. Chathera chiyani lero?"

Za fumbi, za kulemera kwa anthu, za mabampu, zonse ndinkazidziwa, koma funso lawo silinkafunsa zimenezo.

Bering'i ina inabwera dzuwa litapendeka. Ndinaipaka girisi weniweni ndi manja anga, tinamanga, tinanyamuka. Nyimbo zinayambanso koma zinali zofooka. Tinaika maliro mothamanga, abusa atafupikitsa ulaliki. Pamanda mlongo wanga anaima pakati pa amayi a ku Mitundu okhaokha, akuchimuna onse atamusiyira mpata waukulu ngati ali ndi nthenda.

Mwambo ndi woti namfedwa agone pasiwa mpaka tsiku lometa. Nditapita kukaliza lole kuti ndibweze anthu, ndinapeza mlongo wanga ali kale kutsogolo, kachikwama kali pamiyendo.

"Achimwene, tiyeni."

"Nanga kumeta?"

"Andimeta kale ndi maso. Yendetsani."

Palibe amene anabwera kudzamutsitsa.