Mwala wa Asebele Anga

Ndinanyamuka ku Balbriggan, tauni ya kunja kwa Dublin, Loweruka m'mawa kukadali chisisira, nditavala suti imene ndimaitulutsa pa maliro ndi pa ubatizo pokha. Mkazi wanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa kuti, "Bambo, mukupita kukaona mwala kapena kukafunsira ntchito?" Ndinangotuluka. Munthu ukatumidwa ntchito ya umalume sutaya mawu pakhomo.

Nkhani yake inali iyi. Tadala, mwana wa mlongo wanga, ndi nesi kuno ku Dublin, ndipo anapeza mnyamata dzina lake Luka. Mlongo wanga, amene ali ku Chilomoni, atamva dzinalo anasangalala poganiza kuti ndi mwana wakwathu, mwina wa ku Ntcheu. Atauzidwa kuti Lukayo ndi wa ku Croatia, anafunsa kuti limenelo ndi boma liti. Atamvanso kuti bambo ake a mnyamatayo amagwira ntchito ya miyala, mtima unamugwa. M'maso mwake munabwera anthu aja amakhala padzuwa m'mbali mwa msewu, hamala ili m'manja, akuswa miyala yogulitsa pa wilibala.

Tsono bambowo, a Stipe, anali atabwera kudzacheza kwa mwana wawo ku Santry, dera lina la mu Dublin, ndipo ankafuna kukaona mwala umene anausema kuno kalekale, Luka asanabadwe. Tadala anati umenewo ndiwo mpata wanga woti ndiwaone bwino.

Pa siteshoni ndinagunditsa khadi pa geti, makina n'kundidya four euro ndi kanthu. Ndinakhala mbali yoyang'ana kunyanja. Sitima itangodutsa Skerries, foni inalira: uthenga wa mawu wochokera kwa mlongo wanga. Ndinaiwala kuchepetsa voliyumu, moti bogi yonse inamva. "Achimwene, mukawafunse bwinobwino anthuwo. Mwana wanga sanavutike ndi sukulu kuti akakwatiwe kwa ophwanya miyala!"

Mayi wina amene anakhala moyang'anana nane, atavala yunifolomu ya osamalira okalamba, anaseka mpaka kugwira pakamwa. Anali wa ku Zambia.

"Ba uncle, pepani, namvelako," anatero. "Osayopa. Mupongozi wanga ni wa ku Poland, amanga chabe ma scaffold, koma asuka na mbale. Imwe funsani chabe ngati apemphela."

Anatsika ku Malahide akusekabe.

Ndinawapeza atatuwo akundidikira pa siteshoni ya Connolly cha m'ma nine. A Stipe ndi munthu wamfupi, wa mapewa otakata, tsitsi lonse mbuu. Anavala jekete yakale yong'ambika pachigongono, ndipo pomwepo suti yanga inayamba kundiyabwa. Atandipatsa moni, zala zanga zinakhala kanthawi zisakudziwana. Chingelezi chawo ndi cha moni basi, choncho Luka ndiye ankamasulira. Koma chimene chinandisowetsa mtendere n'chakuti bambowo sankandiyang'ana kumaso. Ankandiyang'ana pamutu. Ine mutu wanga ndi waukulu, ndipo tsitsi linasamuka kalekale. Ku pulayimale dzina langa linali Chimutu. Ndinati mumtima, kodi za ku pulayimale zafikanso ku Croatia?

Tikutsika masitepe, Tadala anandikoka jekete. "Ankolo," ananong'ona, "atha sabata yathunthu ali kuno, koma chimene andiuza ndi good morning basi. Ndawaphikira, ndawaperekeza ku shopu, angoti zii. Mwina sakundifuna."

Ndinamuuza kuti asadandaule, ngakhale ineyo ndinali nditayamba kudandaula.

Kuchoka pa siteshoni kukafika pokwerera basi m'mbali mwa mtsinje ndi pafupi, koma osati ukamayenda ndi wosema miyala. Nyumba iliyonse yakale a Stipe ankaima, n'kuigogoda ndi chala ngati akugula chivwende. Pena ankanyowetsa chala ndi malovu, n'kupaka pakhoma kuti aone mtundu weniweni wa mwalawo. Mlonda wa nyumba ina anatuluka kudzaona amene akusisita khoma lake. Basi yathu inatidutsa tikuona, bambowo atagwada akuyang'ana pansi pa chipilala cha mlatho.

"Akuti mwala wa kuno ndi wouma mutu," Luka anamasulira. "Wakwathu ndi woyera, umamvera. Wakunowu umafuna kuunyengerera."

Basi yachiwiri, yosanja, tinaikwera, n'kukakhala pamwamba kutsogolo. Tadala anatulutsa mabanzi aatali oikamo nkhuku amene anagula pa siteshoni. A Stipe anatulutsa kapepala ka nkhuyu zouma za pamtengo wa kwawo. Ine nkhuyu ndinazisiya ndili mwana, tikulimbirana ndi mbalame, koma mlendo sakanidwa. Ndinadya imodzi, kenako ndinapezeka ndadya zambiri kuposa mwini wake.

M'basimo ndi mmene ndinayamba ntchito imene ndinatumidwa. Ndinakonza kukhosi n'kufunsa kuti kwenikweni iwo amachita chiyani ndi miyala. Luka anatsegula zithunzi mu foni, bambo ake n'kumaloza ndi chala chonenepa chija. A Stipe anabadwira pa chilumba chimene anthu ake amakumba mwala woyera kuyambira makolo. Bambo awo ankadula miyala m'phiri, iwo n'kupita ku sukulu yosema akadali kamnyamata. Ndinaona kasupe wamwala pakati pa tauni, madzi akutuluka m'manja mwa mtsikana. Ndinaona asodzi atatu aatali kuposa nyumba akukoka khoka pa doko. Ndinaona mngelo pamwamba pa khomo la tchalitchi, ndipo ndinati mumtima funso la mayi wa ku Zambia uja layankhidwa theka. Panalinso khoma lalitali lokumbukira anthu amene anafa pa nkhondo ya kwawo. Chithunzi chimenecho anachidutsa msanga.

"Nanga zimenezi amalipira?" ndinafunsa.

Luka atamasulira, bambowo anaseka koyamba. "Akuti makhonsolo amalipira, koma ukamalandira umakhala utaiwala kuti unasema chiyani."

Ndinati ndiye kuti mlongo wanga sanalakwe, Croatia ndi boma lina la ku Malawi komweko.

Basi inatitsitsa kumapeto kwa mzinda, kumene mapiri amayamba kuonekera, dzuwa lili pamutu ngakhale silinkaoneka. Kamvula kanali katayamba kuwaza. Luka anafotokoza kuti chaka chimenecho osema a m'mayiko osiyanasiyana anaitanidwa kudzagwira ntchito kuno miyezi yotentha, aliyense n'kusiya mwala wake mu paki. Wa bambo ake unali wa mkazi amene akudikira. Ndinauza Tadala kuti ife tikanangoti Woyembekezera, aliyense n'kumva mmene akufunira.

Vuto linali lakuti pakiyo inali itasintha. A Stipe ankakumbukira bwalo lopanda kanthu, koma tinapeza mitengo italiitali, bwalo la mpira, ndi njira zopita uku ndi uku. Anatitsogolera molimba mtima kumanzere, tinakatulukira ku zimbudzi. Anatitsogolera kumanja, tinakafika pa dziwe la abakha. Nsapato zanga za ku tchalitchi zinali zitamwa madzi. Tinafunsa anyamata othamanga za mkazi wamwala, anapukusa mitu. Pomaliza tinakumana ndi gogo wina wa konkuno akukokedwa ndi kagalu. Luka anamuonetsa chithunzi chakale cha mwalawo. Gogoyo anasuzumira, nkhope n'kuwala.

"Aa, mukunena Mbatatesi! Bwanji osangonena? Ili kuseri kwa malo osewerera ana. Ana anga onse anakulira pa Mbatatesi imeneyo."

Tonse atatu amene tinamva Chingelezicho tinayang'anana. A Stipe anayang'ana mwana wawo kudikira kumasulira. Luka anayankhula mawu ambiri m'chiyankhulo chawo, akumwetulira kwambiri. Ngakhale ine wosamva ndinadziwa kuti mawu amodzi a gogo uja sangatalike choncho. Bambowo nawonso anadziwa. Anatembenukira kwa Tadala, n'kumuyang'ana m'maso koyamba tsiku limenelo, n'kufunsa m'Chingelezi chawo chothyokathyoka kuti mayiyo wati chiyani.

Ndinamutsina pamkono kuti aname. Mwanayo sanandimvere. Paja wakhala akuphunzira chiyankhulo chawo pa foni, ndipo mawu a kukhitchini ndi amene anayamba kuwadziwa.

"Krumpir," anatero. Ndiye mbatatesi m'chikwawo.

A Stipe anatembenuka n'kuyamba kuyenda mofulumira kulowera kumene gogo analoza. Luka anagwira kumutu. Tadala maso anali atadzaza misozi. Ine ndinayamba kale kukonza mawu okauza mlongo wanga kuti ukwati wathera mu paki chifukwa cha ndiwo.

Mwalawo tinaupeza. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, ndinaona mbatatesi. Chimwala chotuwa, chobulungira, chachitali kundifika pachifuwa, ana awiri akukwera mbali ina n'kumatsetsereka mbali inayo. Pamene amatsetserekapo panali posalala, pakuwala ngati mbale. A Stipe anauzungulira kawiri, manja ali kumbuyo. Kenako anandigwira paphewa, n'kundikokera mbali ina, n'kundikanikiza kuti ndiwerame pang'ono. Apo ndi pamene ndinaona. Unali msana wa mkazi atakhala pansi, mutu ataweramitsa, mawondo atawakumbatira. Ndinaimirira, inabwerera mbatatesi. Ndinawerama, anabwerera mkazi.

Ndiye bambo wamkuluyo anagona cham'mbali pa udzu wonyowa, n'kupisa dzanja pansi pa mwalawo, kumene diso silifika. Anafufuza kanthawi. Atapeza chimene ankafuna, sanaitane mwana wawo. Anaitana Tadala, ndipo anamutchula dzina bwinobwino. Tadala anagwada. Anamugwira dzanja n'kulilowetsa pamenepo. Ndinaona nkhope ya mwanayo ikusintha.

"Ankolo, pali kaphazi," anatero. "Kaphazi ka mwana. Tizala tonse tilipo."

A Stipe anayankhula ali chigonere, Luka akumasulira. Pamene ankabwera kudzasema mwalawu, anasiya mkazi wawo ali ndi pakati pa Lukayo. Miyezi yonseyo ankasema akuganiza za iye atakhala pakhomo. Kaphaziko anakasema tsiku lomaliza, osauza munthu. Atabwerera kwawo anaonetsa mkazi wawo chithunzi, akuyembekezera kuti alira ndi chisangalalo. Mayiyo anachiyang'ana n'kunena kuti, "Stipe, miyezi yonseyi, ndiye wandisema ngati mbatatesi?"

Pamenepo bambowo anaphulika kuseka, ali gone pa udzu, misozi ikutsikira m'makutu. Mayi ake a Luka anamwalira zaka zingapo zapitazo. A Stipe anati chimwalirireni mayiwo, palibe amene amawauza zoona. Onse amangoti ntchito yabwino, bambo, ntchito yabwino. Analoza Luka n'kunena kuti uyu ndi mwana wabwino koma wabodza. Analoza Tadala n'kunena mawu amodzi amene Luka anachedwa kuwamasulira, chifukwa anayamba wapukuta m'maso.

"Akuti mwana wanga wamkazi."

Tinakhala pa benchi pansi pa mtengo kuthawa mvula. A Stipe anatulutsa kabotolo m'thumba la jekete. Anati ndi mankhwala a chimfine, koma fungo lake linali la kachasu weniweni. Ine ndine mkulu wa mpingo, choncho ndinangolawa kuti ndidziwe chimene ndikukana. Mtima utatentha, ndinalimba mtima n'kufunsa chifukwa chimene akhala akuyang'anira mutu wanga tsiku lonse. Anadabwa kuti ndafunsa. Anati mutu ngati umenewu sanauonepo, ulibe pobisala, ndipo ndikadzapita kwawo adzausema pa mwala woyera. Anaugwira ndi manja awiri, n'kuutembenuza uku ndi uku ngati dzungu la pamsika. Tadala anajambula. Chithunzicho ndinamuletsa kutumiza kwa aliyense, kutanthauza kuti ku Chilomoni chinafika tsiku lomwelo.

Ndi pa benchi pomwepo pamene nkhani ya ukwati inabuka. A Stipe anati ukachitikira pa chilumba, mu tchalitchi cha mngelo uja, nkhani yatha. Ine ndinati pepani asebele, mkazi amakatengedwa kwawo, ukwati ndi wa ku Blantyre. Anakweza mawu, nane ndinakweza. Luka anatopa kumasulira. Kenako Tadala anati, "Ankolo, tinagwirizana kale. Tidzapangira konkuno ku Dublin, kumene tinakumana. Holo tinaiona kale ku Santry."

Ine ndi a Stipe tinayang'anana. Iwo anayamba kudandaula m'chikwawo, akumenya bondo. Ine ndinayamba m'Chichewa: ana a masiku ano, kuwalera ndi manja awiri, lero akuti Santry. Iwo ankagwedeza mutu pa mawu anga, ine pa mawu awo. Tinadandaula choncho ulendo wonse wa pa basi, titakhala mpando umodzi, anawo ali kumbuyo kwathu akuseka. Palibe anamasulira, ndipo palibe chimene sitinamvane.

Tinasiyana ku Connolly madzulo. Ponditsanzika, a Stipe sanandiphwanyenso zala, anandikumbatira, matope a jekete yawo n'kutsala pa suti yanga.

M'sitima yobwerera ku Balbriggan ndinakhala ndekha, mapazi ali zizirizi. Ndinakumbukira kuti mafunso ambiri amene malume amayenera kufunsa sindinawafunse: za mtundu wawo, za nyumba, za matenda a ku banja. Koma ndinali nditaona bambo wa imvi akugona m'matope kuti aonetse mwana wathu chinthu chimene anachibisa kwa anthu onse, ngakhale kwa mwana wake womubereka. Sindikudziwa funso limene likanandiuza zoposa pamenepo.