Mkanda wa Miyendo ya Zinziri

Phokoso limene ndimalikumbukira la chaka chimenecho ndi kulira kwa anapiye a zinziri, tsiyo, tsiyo, tsiyo, kuchokera m'bokosi la matabwa lomwe lidali pakona m'nyumba yathu yophikira ku Lifidzi. Masiku oyamba kulirako kunkadzaza nyumba yonse, moti agogo ankachita kukweza mawu akamandituma. Ine ndidali mwana wosayankhulayankhula. Chimwalirireni mayi anga ndinkakhala ndi agogo aNambewe, awiriwiri, ndipo zambiri ndinkangoziona ndi kuzimva ndili phee.

Zinzirizo adabwera nazo ndi a Domingu, bambo a m'mudzi mwathu momwemo amene ankapikula mbatata n'kukagulitsa panjinga ku Kalomwe, kumalire. Anthu atangotha kukolola, iwo adayamba kuyenda khomo ndi khomo atavala malaya oyera, akunena za empuleza ina, kampani ya kutauni yomwe inkagulitsa anapiye. Munthu ungoweta pakhomo pako, mazira ake empulezayo idzabwera ndi galimoto kudzagula pamtengo wokwera, chifukwa olemera amawamwa ngati mankhwala. Kamwanapiye kalikonse kadali ndi kamphete kofiira kumwendo.

"Nanga zikafa?" agogo adafunsa.

"Ubwino wake uli pomwepo, aNambewe. Pali galantiya," adatero a Domingu. "Ikafa mudule mwendo wa mpheteyo, muusunge. Mukapereka mwendo akubwezerani zanu zonse. Kodi nkhuku yanu yofa ndi chitopa idakubwezeranipo kanthu?"

Amayi omwe adali pabwalo adaseka. Agogo sadaseke, koma adayang'ana mapazi anga osavala.

Ndalama tidalibe, koma a Domingu adati empulezayo imalandiranso zokolola. Chaka chimenecho cha m'nkhokwe chidali chochepa, chosatifikitsa ku mvula, choncho agogo adatulutsa thumba la nyemba za mbewu. Muyeso utapanda kukwana, adandituma kukwera pa mtondo kuti nditsitse chimanga cha mbewu chomwe chinkalendewera pa mtanda pamwamba pa moto, chakuda ndi mwaye, kumene anankafumbwe safika. Mtundu wa chimanga chimenecho agogo adathawa nawo nthawi ya nkhondo n'kubwerera nawo. Ndidachitonola ndi manja anga, ndipo zala zidanunkha utsi mpaka mawa lake.

"Pofika mvula tidzagula mbewu ya ku loja, kusitolo kuja, ndi nsapato zako za ku sikola," adatero agogo, maso ali pa lichero.

Kenako chisanu chidatsika. Kwathu kumapiri kuno chimafika mpaka m'mafupa, ndipo m'mawa udzu umayera ngati wathiridwa phulusa. Chakudya chapadera chomwe empuleza idalonjeza sichidabwere, tinkangozipatsa gaga. Ndikadzuka ndinkayamba ndamvetsera ndisanatsekule maso, ndipo tsiku lililonse kulira kuja kunkachepa. M'bokosimo ndinkapeza anapiye ataunjikana pakona, apansiwo atafa, ataphwatalala, ali zii.

Maso a agogo adali atayamba kuchita khungu, ndiye ntchito yodula idali yanga. Timiyendoto tidali topyapyala ngati udzu wofolera, kampeni sikankamva n'komwe kuti kadula kanthu. Ndinkatimangirira pa ulusi wa thumba n'kukoleka pa mtanda womwe uja padali chimanga, kuti utsi utiumitse, nyerere zisadye. Mkandawo unkatalika. Mphepo ikalowa pakhomo timphete tija tinkagundana pang'onopang'ono pamwamba pa mitu yathu tikudya.

Si kwathu kokha. Nyumba zambiri zidali ndi mikanda yotere, ndipo ku sikola anzanga ankapikisana kuti wautali ndi wa yani. Galimoto yogula mazira sidaoneke. Tsiku lina ndidaona mayi wina woyandikana nafe akupotokola makosi a zinziri zake zomwe zidapulumuka, zonenepa bwino, zitayamba kale kuikira. Atandiona ndaima kuseri kwa mpanda adati, "Ukuyang'ana chiyani, Zuze? Dzira lilibe galantiya, mwendo uli nayo." Pofika kumapeto kwa chisanu, m'mudzi monse simunkamvekanso zinziri.

A Domingu adazungulira kutolera mikanda ija kuti apite nayo ku Ulongwe, komwe empulezayo idali ndi kachipinda. Aliyense adamangirira kansalu pa wake kuti udziwike, ndipo agogo adang'amba kansonga ka kapulana yawo yobiriwira yopitira ku tchalitchi. A Domingu adatsanzika kuti abwera Loweruka.

Maloweruka adadutsa. Dzuwa lidaswa mtengo, fumbi lidabwera, anthu adapanga mizere m'minda. Nafenso tidapanga, mizere yoongoka bwino, yopanda choikamo. Kunyumba kwa a Domingu anthu ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, akazi a bamboyo ali m'kati chitseko chotseka. Munthu wina wochokera ku Ulongwe adati m'kachipinda kaja tsopano akugulitsamo zovala za kaunjika, ndipo mwini nyumbayo naye akuwafuna anthu a zinziriwo. Agogo adamva zonsezi. Adasiya kuyang'ana pa mtanda paja, ndipo akamasonkha moto ankaweramitsa mutu. Mabingu atayamba kumveka chakumbali ya Dedza, adatenga khasu n'kumapita kukalima m'minda ya anthu kuti awapatse mbewu yapambale, iwo amene kale anthu ankabwera kudzawapempha.

Tsiku lina masana mitambo idada, mphepo idabweretsa fungo la dothi lonyowa kuchokera kutali. Ndidali ndekha pakhomo ndikulowetsa nkhuni. A Domingu adatulukira akukankha njinga, osati pamsewu, koma kanjira ka kuseri kodutsa m'mabulugama. Malaya oyera aja adali atasanduka mtundu wa dothi, ndipo masaya adali atalowa.

"Agogo ako alipo?"

Ndidapukusa mutu. Adapumira m'mwamba, n'kumasula thumba lomwe lidali kumbuyo kwa njinga.

"Sunga ili, Zuze. Iwe suyankhula zambiri."

Lidali lalikulu koma lopepuka, lonunkha utsi. Nditasuzumira ndidaona mikanda ya mudzi wonse itapiringizana, uliwonse ndi kansalu kake, kobiriwira ka agogo kali pamwamba. Ndidaganiza kuti andisungitsa chuma cha anthu onse, kuti galantiya yonse ili m'manja mwanga, ndipo empuleza ikabwera idzayambira pakhomo pathu. Lero ndimadziwa kuti bamboyo adali atayenda nalo thumbalo mpaka osapeza woti alilandire, ndipo m'mudzi monsemo adasankha khomo lomwe akadapezapo munthu wosafunsa mafunso.

Adakwera njinga n'kulowera njira ya ku Kalomwe osacheuka. Madontho oyamba adayamba kugwa pa mizere yathu, ine ndili chiimire, thumba ndalikumbatira kuti lisanyowe.